Phukusi la Lachinayi

Pachipatala chaching'ono chimene Madina ankagwirapo unamwino, chakumtunda kwa Benga, netiweki inali ndi malo amodzi okha, ndipo malowo inasankha yokha popanda kufunsa munthu. Muofesi munalibe. M'chipinda choberekera munalibe, pakhonde inkangosuzumira n'kuthawa. Koma ukapita kuseri, kupitirira zimbudzi, pa chipilala cha njerwa chimene kale chinkasenza thanki ya madzi, foni inkagwira bwinobwino. Tsoka lake, chipilalacho chinali pakati pa dzenje lotayamo nsengwa za amayi obereka ndi ng'anjo yowotcheramo zinyalala. Ntchentche za pamenepo zinali zonenepa, zosaopa munthu. Wofuna kuuza abale kuti mwana wabadwa ankaimba foni dzanja lina litagwira mphuno.

Ndiye bungwe lina linabwera ndi nzeru yake. Linati m'malo moti akuluakulu aziwotcha mafuta kuyendera zipatala za kumudzi, namwino wodziwa za kapewedwe ka matenda azikhala muofesi ku Lilongwe n'kumaona zonse pa kanema. Anasiya tabuleti, chifoni chachikulu ngati sileti ya kusukulu, n'kunena kuti Lachinayi lililonse kuziimba mayi wina dzina lake Benedicta. Nzeruyo sinali yoipa, tisanamizane. Chifukwa cha mayi ameneyu pakhomo lililonse panaima ndowa ya mpopi ndi sopo, singano zinasiya kugona paliponse, ndipo klorini anayamba kusungunulidwa moyeza, osati mongoganizira ndi maso monga kale.

Zambiri Madina ankajambuliratu m'kati n'kutumiza. Koma chinthu chimodzi a Benedicta ankafuna kuchiona chikuchitika pompo: phukusi loberekera litsegulidwe iwo akuyang'ana. Phukusili ndi nsalu yobiriwira yokulunga sizasi yodulira mchombo, zopanira, kambale ndi thonje. Limaphikidwa mumphika wa nthunzi, ndipo pamwamba pake pamakhala katepi kamene mizere yake imada likapsa bwino. Pachipatalapo maphukusi analipo atatu basi. A Benedicta ankafuna kuona ngati mulibe dzimbiri, ngati magazi sanaumire m'mano a zopanira.

Tsopano munthu angaonetse bwanji mlendo wa ku Lilongwe dzenje la nsengwa? Madina anali mkazi wonyadira ntchito yake, wosafuna kusekedwa ndi a m'tauni, ndipo manyazi anamugwira tsiku loyamba lomwe. Anatenga nsalu yoyera ya pabedi naimangirira kuchipilala ndi kumtengo wa mango, ina nayala pamwamba pa njerwa. Pa kanema pankaoneka ngati chipinda cha madokotala. Sananamize munthu ndi pakamwa ayi. Kungoti a Benedicta sanafunse, iyenso sananene.

Wonyamula phukusi kupita nalo kuchipilala anali a Raston, bambo wachikulire amene ankakolopa, kuchapa, kuphika zipangizo ndi kukonzera anamwino tebulo mayi akayandikira kubereka. Anali munthu waulemu wosefukira, wosita yunifolomu tsiku ndi tsiku, wopereka moni ndi manja awiri ngakhale kwa mwana wa sukulu. Ankamasula nsalu yobiriwirayo pang'onopang'ono, n'kumakweza chipangizo chilichonse kuti a ku Lilongwe achione. Sizasi ikaoneka yosawala, ankaiuzira mpweya n'kuipukuta pa malaya, kumbali kumene kamera sinkafika. A Benedicta akati, "Zili bwino, n'zoyera kwambiri, pitirizani choncho," nkhope ya a Raston inkawala kuposa sizasiyo. Ankakulunganso phukusilo mosamala n'kulinyamula ndi manja awiri. Nthawi imeneyo Madina amakhala akuthamangira mzere wa odwala umene ukumudikira pakhonde.

Za kupukuta pa malayazo iye ankaziona n'kungomwetulira, poti phukusi likangotsegulidwa latha ntchito. Kaya lagwira munthu kaya silinagwire, limabwerera mumphika. Namwino aliyense amazidziwa zimenezi monga adziwira dzina lake, ndipo vuto la zinthu zodziwika choncho n'lakuti munthu sukumbukanso kuti linalipo tsiku limene unachita kuuzidwa.

Kenaka ana anayamba kubwerera. Woyamba anali wa mpongozi wa shehe. Anatuluka bwinobwino, koma patapita masiku anabwera naye thupi lili moto, mchombo utatupa, ukutuluka mafinya onunkha. Anamuthamangitsira ku Boma, anapulumuka. Wotsatira anali wa akazi a ahedi a pasukulu, chimodzimodzi. Wina wa mwini chigayo. Ndiye kunabwera wa Fainess, mwana wamkazi wa a Raston omwewo. Ameneyo sanafike ku Boma, anatsirizikira mu ambulansi. Poti mchombo unali usanagwe, sipanakhale maliro. Anakamuika amayi okhaokha mwakachetechete monga mwa mwambo wa kwawo, ndipo abambo sanayenere kulira. M'mawa mwake a Raston anabwera kuntchito, nakolopa chipinda choberekera mobwerezabwereza, osayankhula ndi munthu.

Madina zinamudya mumtima. Anasintha klorini, anachapitsa makatani, anadulitsa zikhadabo za aliyense mpaka za mlonda. Anakalipira amayi kusikelo kuti asiye kupaka phulusa ndi madzi a masamba pamchombo. Anafika pofunsa akazi a a Raston pamaso ngati sanaike kanthu pa mdzukulu wawo, ndipo mayiwo anangomuyang'ana misozi ili lengalenga. A Benedicta nawo anawonjezera mafunso, n'kumafuna kuti phukusi lizitsegulidwa mofatsa kuposa kale, chipangizo chilichonse chitembenuzidwe uku ndi uku. Sanapeze kanthu.

Anthu a m'midzi ndiye anali atapeza kale yankho lawo. Ankati taonani, mkazi wa msodzi wobwera pa kabaza ndi chitenje chimodzi, wosadziwika ndi munthu, amabereka n'kumapita, mwana wake n'kumakula popanda ngakhale chimfine. Odwala ndi ana a anthu odziwika okha. Nanga imeneyo si nsanje? Pali wina amene akuponyera zake mabanja ooneka. Madina ankapsa mtima akamva zimenezi, koma akakhala yekha n'kuganiza, ankapeza kuti pa mbali ya mayina anthuwo sankanama.

Ndipo pa anthu odziwika pachipatalapo panalibe woposa mwana wake, Zahra, amene mimba yake yoyamba inali itakwana.

A Hamidu, amuna ake a Madina, ogulitsa mpunga pa Benga, anaiyamba nkhaniyo m'mawa wina akumwa tiyi.

"Amake Zahra, mwanayu timutumize ku Boma. Azakhali ake ali pafupi ndi chipatala chachikulu, akadikirire kumeneko."

"Ndiye anthu ati chiyani? Ati namwino wathawitsa wake, athu ndiye atsale azifa."

"Anthu anena kale zambiri. Ine sindikunena za anthu, ndikunena za mdzukulu wanga."

"Ndi wanganso. Mukuganiza kuti ndingamugoneke pamalo pamene sindikupakhulupirira? Lachinayi lililonse a ku Lilongwe amationa, sanatipezepo ndi cholakwa. Zahra akachoka pano, mawa amayi onse ayambiranso kuberekera kunyumba, ndipo pamenepo ndiye mudzaona maliro enieni."

A Hamidu anayang'ana mwana wawo, amene anakhala pamkeka atatambalala, mapazi atatupa. "Iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndikhala pomwe pali amayi," anatero Zahra.

"Inshallah zikhala bwino," anatero a Hamidu, koma tiyi sanamalize. Madina anapambana mkanganowo, ndipo kupambanako sikunamusangalatse ngakhale pang'ono. Kuyambira tsikulo maphukusi onse atatu ankawaphika yekha madzulo alionse asanaweruke.

Matenda anamuyamba Zahra Lachinayi m'mawa, m'nyengo ya mwera, mphepo ikukokera fumbi m'maso mwa aliyense. Rute, namwino mnzake wa Madina, anamuyeza mtsikanayo, kenaka anayang'ana manja a amayi ake amene ankalephera ndi kuvala magolovesi komwe.

"Inu lero si namwino, ndinu agogo," anatero Rute. "Mimba yoyamba siifulumira, tidakali ndi nthawi. Pitani mukayankhe a ku Lilongwe, musandipumire m'khosi muno."

Madina anatsegula kabati. Maphukusi atatu, onse a mizere yakuda, ophika yekha dzulo lake. A Raston anatenga limodzi kupita nalo kuchipilala, awiri anatsala. Mtima wake unakhala pansi pang'ono.

Kumangirira nsalu tsikulo kunavuta, mphepo inkaikoka ngati ili nayo mlandu. Komabe anaimanga. Nkhope ya a Benedicta inatulukira pagalasi, magalasi ali pamphuno, kapu ya tiyi ili pambali. Anapatsana moni, a Raston anamasula phukusi, nakweza sizasi, zopanira, kambale.

"Zili bwino, n'zoyera kwambiri," anatero a Benedicta. "Mukusamala, a Raston."

Mawuwo asanazizire, mwera unabwera ndi mphamvu zake zonse. Chingwe cha kumtengo wa mango chinaduka, nsalu yoyera ija inauluka n'kukagwera padenga la chimbudzi. Phulusa la m'ng'anjo linanyamuka, linatsikira pankhope ya Madina, pamutu pa a Raston, paphukusi lotsegula. Mbuzi imene inkafunafuna zake kuseri kwa nsaluyo inangoima poyera, ikutafuna, ikuyang'ana kamera. Ntchentche ziwiri zinatera m'kambale.

Pagalasi nkhope ya a Benedicta inaima osagwedezeka. Madina anayesa netiweki yathawa, ndipo anali atayamba kale kuthokoza mumtima. Koma maso a mayiwo anaphethira.

"Sisitala Madina, muli pati?"

"Tili kuseri, mayi."

"Kuseri kwa chiyani? Tatembenuzani chinthucho ndione. Pang'onopang'ono."

Madina anatembenuza. Zimbudzi zinadutsa pagalasi, kenaka ng'anjo ikufukabe, makatoni a singano opserera mbali imodzi, mbuzi ija.

"Icho chili ndi chivundikiro cha simenticho n'chiyani?"

"Dzenje la nsengwa."

Panthawi yomweyo mawu a Rute anamveka pawindo chapatali: "A Raston, tikonzereni tebulo, zafulumira." Mtima wa Madina unadumpha, miyendo inafuna kuthamanga. Anawaona chakumbali a Raston akuuzira phulusa pasizasi, akukutumula thonje, akukulunga nsalu yobiriwira mofulumira n'kunyamuka. Sanaganizepo kanthu. M'kabati munali awiri.

"Miyezi yonseyi mwakhala mukutsegulira pamenepo?" anafunsa a Benedicta.

"Netiweki ndi pano pokha, mayi."

"Ine ndimayesa muli m'chipinda chophikira zipangizo. Ndakhala ndikuuza anzanga kuti chipatala chanu ndi chitsanzo." Anavula magalasi. Sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa Madina, chifukwa m'mawu mwawo munali mantha. "Ndine ndimati tsegulani. Ndine ndimati tembenuzani ndione kuseri. Mulungu wanga."

"Musadandaule, mayi. Likachoka pano limakalowa mumphika."

"Amalilowetsa ndani?"

"A Raston."

"Munawauza?"

Funsolo linamudabwitsa Madina. Kuwauza chiyani? Kodi zimenezi n'zouzana?

"Chabwino," anapitiriza a Benedicta. "Munawaonapo ndi maso anu akulilowetsa? Ngakhale Lachinayi limodzi?"

Madina anafufuza m'mutu mwake. Chimene anapezamo unali msana wa bambo wachikulire akupita, phukusi lili m'manja awiri, ndi iye mwini akuthamangira kumzere wa odwala. Mphika uja ukamaphika umalira, aliyense pakhonde amaumva. Sanakumbuke Lachinayi lililonse masana limene anaumva ukulira.

Anasiya tabuleti pachipilala, a Benedicta akuyankhula ndi thambo.

Madina anali mayi wathupi, ndipo panali patapita zaka asanathamangepo. Anathamanga tsikulo. Mpango wake unakodwa panthambi, anausiya pomwepo. M'chipinda chophikira anagwira chivundikiro cha mphika, chinali chozizira. Anasuzumira m'ndowa ya klorini yonyikamo zipangizo zakuda, munali madzi okhaokha. Anakoka chitseko cha kabati.

Maphukusi awiri, osagwidwa.

Anawakhudza ndi dzanja limodzilimodzi, ngati maso akumunamiza. Akanapeza limodzi, akanagwada pomwepo kuthokoza Mulungu. Koma analipo awiri, ndipo ngati awiriwo anali m'kabati, patebulo pa Rute panali liti? Ali chiimire choncho, kuseri kwa khoma kunamveka kulira kwa khanda, kwamphamvu, kwaukali, kumene tsiku lina lililonse kukanamuvinitsa.

Anakankha chitseko cha choberekera phukusi lina lili kukhwapa. Zahra anali chagada, thukuta lili kamukamu, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Pachifuwa pake panali kamunthu kofiira.

"Mwachedwa, agogo," anatero Rute. "Wamkazi uyu. Sanadikire ndi kugogoda komwe."

Madina sanayang'ane nkhope ya mdzukulu wake. Anayang'ana pamimba. Mchombo unali wopanidwa kale, wodulidwa kale. Anayang'ana patebulo. Sizasi inali pamenepo ndi magazi ake, pansalu yobiriwira. M'mbali mwa kambale munali timadontho totuwa, ndipo pakhwinya la nsaluyo panakanirira kaduwa kouma ka mango.

"Phukusi ili wakupatsani ndani?"

"A Raston, monga mwa nthawi zonse. Tepi yake ili bwino, ndinaiona."

"Thonje mwapukuta nalo pati?"

"Paliponse. M'maso, pakamwa, pamchombo. Bwanji kodi?"

Madina anasamba m'manja mpaka m'zigongono, navala magolovesi. Anatsegula phukusi labwino, anapana mchombowo chapansi, naudulanso ndi sizasi yoyera, nathira mankhwala mpaka anayenderera pamimba. Anatsuka maso ndi pakamwa. Rute anali atanyamula kambale kaja, akukayang'anitsitsa pafupi ndi windo. Anakhudza kadontho kamodzi, kanafufutika pachala. Anatsamira khoma, dzanja lili pakamwa.

"Amayi, chavuta n'chiyani?" anafunsa Zahra. "Mwana ali bwino?"

"Ali bwino, mwanawe. Gona."

Sananame. Tsikulo mwanayo analidi bwino. Matenda amenewa sabwera tsiku lomwelo, Madina ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Amalola mayi kupita kwawo, abale kubwera ndi zitenje, kenaka ndiye amagogoda.

Atatuluka anapeza a Hamidu atafika pa kabaza, chipewa chili m'mutu, akudikira kuti Rute awalole kulowa akamunong'oneze mdzukulu wawo m'khutu adhana, mawu aja oitanira Asilamu kumapemphero. Analowa akumwetulira, osayang'anitsitsa nkhope ya mkazi wawo. M'kakhonde munatsala a Raston, chokolopera chili m'manja, phulusa likadali m'tsitsi, chimwemwe chitadzaza nkhope.

"Wachira mwana wathu, sisitala. Tiyamike Mulungu."

"A Raston, m'kabati munali maphukusi awiri. Bwanji simunatenge amenewo?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wagwidwa akuchita zabwino mobisa.

"Aja ndi wamba, sisitala. Anawaona ndani aja? Timangokhulupirira katepi. Koma ili la Lachinayi, a ku Lilongwe amaliona ndi maso awo, chimodzichimodzi, n'kunena okha kuti n'loyera. Ndiye limenelo sindiperekera aliyense ayi. Ndimalikulunga bwino, tepi n'kuibwezera pamalo pake, n'kulisunga pambali kudikira munthu woyenera."

"Mumphika simulibwezera."

"Kuphikanso chinthu choti akuluakulu achivomereza kale? Chosagwira munthu? Za phulusa lija musade nkhawa, ndaliuzira lonse." Anatsitsa mawu, pouza mnzawo chinsinsi chabwino. "Mpongozi wa shehe ndinamupatsa limenelo. Akazi a ahedi, limenelo. A kuchigayo aja anandisunga chaka cha njala, ndikanawamana bwanji? Ndiye mwana wanu inu, amene mwandilemekeza pano zaka zonsezi, ndimupatse la wamba?"

Mkwiyo unamukwera Madina. Anafuna kuwagwira kolala yositayo, kuwagwedeza, kukuwa kuti chipatala chonse chimve. Anali atakoka kale mpweya.

"Ngakhale Fainess wanga," anapitiriza a Raston, "ndinachita kumusungira, ndinalibisa pamwamba pa kabati kuti wina asali..."

Mawu anawathera. Palibe anawadula. Kungoti kanali koyamba kuwatchula mayinawo motsatana, ndipo makutu awo omwe anamva zimene pakamwa panena. Mpongozi wa shehe. Akazi a ahedi. A kuchigayo. Fainess. Kumwetulira kuja kunatsalabe pankhope kanthawi, kopanda mwini, kenaka kunachoka. Anayang'ana Madina, ndipo mkwiyo wa Madina unasowa pogwira.

"Sisitala," anatero motsitsa. "Phukusi likatsegulidwa, ngakhale lisanagwire munthu?"

Akanatha kuwanamiza. Anaganizapo, ndipo mtima unafunadi kutero.

"Limabwerera mumphika, bambo."

"Ngakhale a ku Lilongwe atalivomereza?"

"Ngakhale."

"Palibe anandiuza."

"Palibe," anatero Madina. "Ndinayenera kukhala ine."

A Raston anatsamiritsa chokolopera kukhoma bwinobwino kuti chisagwe. Kenaka anakhala pansi, pasimenti yonyowa imene anali atangoikolopa, ndi yunifolomu yawo yosita, miyendo itatambalala.

Panalibe kwina koimbira ambulansi, choncho Madina anabwerera kuchipilala. Tabuleti inali pomwe anaisiya, ntchentche zikuyenda pagalasi, a Benedicta akudikirabe. Anawauza zonse m'mawu ochepa, mpaka kuti wobadwayo ndi mdzukulu wake. Mayiwo anaphimba nkhope ndi manja. Kenaka anati aimbira ku Boma iwo eni kuti mwanayo akayambe jakisoni tsiku lomwelo, ndipo mwina, poti azindikira msanga, zikhala bwino. Mawu akuti mwina aja Madina anawamva bwino. Iyenso anali atawanenapo kwa makolo ambiri.

Atalowanso m'chipindamo anapeza a Hamidu atamaliza adhana, mwana ali m'manja mwawo, maso ali ndi misozi ya chimwemwe.

"Alhamdulillah. Munanena zoona, amake Zahra," anatero. "Ine ndi mantha anga ndikanangomuvutitsa mwanayu ndi ulendo. Taonani mmene zayendera bwino."

Kunja m'kakhonde kunayamba phokoso lachilendo, lotsika, lokoka, ngati la munthu amene sadziwa kalilidwe. Linakula pang'onopang'ono mpaka odwala a pakhonde anasiya kuyankhula. Anali a Raston, akulira maliro amene sanalire.

"Ndaninso akulira tsiku labwino ngati lino?" anafunsa a Hamidu.

Madina anatenga mwanayo m'manja mwa amuna ake, ndipo kanali koyamba kumuyang'ana nkhope: kamphuno ka Zahra, timaso totsinzina, tsitsi lonyowa. Anakhala naye pamphepete pa bedi, nalowetsa dzanja m'nsalu, naliika pakamimba pafupi ndi mchombo. Panali pofunda bwino, monga mwana aliyense. Ankadziwa kuti ngati kutentha kudzabwere sikubwera lero, ngakhale mawa. Koma dzanjalo sanalichotse.